Nsapato Zopanda Matope

Mvula ikayamba, fumbi la pamsika limasanduka phala, ndipo aliyense wolowa m'kashopu ka Wamawaya amabwera ndi matope. N'chifukwa chake bamboyu amayang'ana kumapazi asanayang'ane kumaso.

Amagulitsa makina a magemu, aja olumikiza ku kanema. Pashelefu pamakhala ovomerezeka, omatidwa sitika ya bungwe loyendera magemu. Magemu ake ndi odulidwa: munthu akalasidwa amatuluka magazi obiriwira, ndipo mawu ena adafafanizidwa. Makina amenewo amangodya fumbi chilimwe chonse. Makina oyenda malonda, a magazi ofiira, ali pansi pa tebulo, obwera kuchokera kunja m'masutikesi a mlongo wake, atakulungidwa m'zovala za makanda. Wodziwa amangofunsa kuti, "Yofiira ilipo?" Koma oyendera akapeza imodzi yokha, amanyamula zonse n'kukhoma chitseko.

Lachitatu lina, mvula ikuwaza, kunalowa bambo wa jekete, nsapato zili waliwali.

"Yofiira ilipo, achimwene?"

"Yofiira chiyani, bwana? Penti amagulitsa kuseriku."

"Musandizunguze. Wandilozera kuno ndi wometa uja."

"Ameneyo amacheza ndi mutu uliwonse umene waugwira."

Wamawaya anatsitsa yovomerezeka n'kuiyatsa. Msilikali wa pa kanema anagwa, zobiriwira zili mwaa.

Mlendoyo anaseka pang'ono. "Mtundu umenewo ndinasankha ndine. Anzanga ankafuna wachikasu."

Apa Wamawaya anazindikira kuti akulankhula ndi wa kubungwe lija. Bondo lake linakankhira katoni mkati mwa tebulo.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikudula," anatero mlendoyo. "Amandipatsa tizidutswa tokhatokha, apa wafa, apa watukwana. Nkhani yathunthu sindinaionepo. Ndikungofuna ndione mmene imathera."

"Kuofesi kwanuko mulibe?"

"Kumeneko amalemba dzina la aliyense wotsegula kabati."

Wamawaya anayang'ananso nsapato zija. Woyenda pansi sangafike chonchi m'dzinja. Ameneyu yamutula ndi galimoto, ndipo m'galimotomo muli anzake akudikira.

"Ine ndimagulitsa za sitika basi, bwana."

Bamboyo sanakakamire. Atafika pakhonde anawerama, natulutsa m'thumba la jekete majumbo awiri amatope. Anawamanga kumapazi, n'kulowa m'mvula yekhayekha. Kumsewu kunalibe galimoto.

Masana omwewo Wamawaya anasamutsira makatoni onse kwa mlongo wake.

"Achimwene, mwapirikitsa kasitomala chifukwa chosamala nsapato zake?" anatero mlongoyo.

"Jumbo aliyense angathe kuipaka matope."

"Ndiye mudzagulitsa kwa ndani? Kwa achule?"

Makatoni anakhala komweko mpaka mvula inakata. Ofuna yofiira ankabwerera chimanjamanja, ena n'kuzolowera mashopu ena. Udzu wa kuseri kwa msika unauma, oyendera osabwera. Wamawaya akuti umenewo ndiye umboni woti anawazemba.

Katundu anabwerera pansi pa tebulo mphepo yozizira itayamba. Masiku ano akamaliza kuyang'ana kumapazi, amayang'ananso matumba a jekete.