Wotchi yopanda galasi

Wotchi imene ndinawagulira achimwene inali yapatebulo, ya belu ndi manambala owala mumdima. Ndinaisankha ndekha m'sitolo ina ku Zomba, ndipo m'minibasi monse ndinkadzitama chamumtima. Nditafika ndinaiika m'manja mwawo nʼkunena kuti, "Iyi ndiye yeniyeni, ngakhale usiku imaoneka."

Anasisita galasi lake ndi chala. "Imaoneka kwa ndani, mphwanga?"

Ine, munthu amene ndinawerenga mabuku onse otayidwa ndi ana a sukulu za ku mishoni, mpaka la sayansi lopanda chikuto, ndinagulira wotchi yowala munthu amene matenda a shuga anamudya maso. Tinaseka tonse awiri. Masiku amenewo tinkasekabe.

Wotchiyo sinali ya chionetsero. Achimwene maso atafa, usana ndi usiku zinasanduka chinthu chimodzi, ndipo tulo tawo tinasokonekera. Koma dimba lawo la mpiru kumtsinje sanafune kulisiya. Njira ankaidziwa ndi mapazi, ndodo kutsogolo, keni kudzanja linalo, ndipo ankakonda kuthirira dzuwa lisanatenthe. Atambala sankawakhulupirira, ankati a masiku ano amalira akangolota. Ankadalira mwazini, woitanira anthu kumzikiti. Ndiye unafika mwezi wa Ramazani, anzathu achisilamu anayamba kudzutsana kukadali mdima kuti adye daku. Achimwene atamva mapoto ndi mawu a anthu anaganiza kuti kwacha, ananyamuka. Anthu anawaona ataima kuseri kwa nyumba ina, akufufuza njira ndi ndodo. M'nyumbamo munali mwana wodwala. Patapita masabata angapo mwanayo anamwalira.

Palibe anabwera kudzatiuza chilichonse. Kungoti amayi pa mjigo ankasiya kulankhula ndikamadutsa, ndipo mpiru wa achimwene unasowa ogula. Kuno kwa Malemia, mkulu wokhala yekha akayamba kutchulidwa kuti amayenda usiku, timadziwa kumene nkhaniyo imathera.

Nyumba yanga ili kutsidya kwa msewu, sindikanatha kumawalondera. Foni yolankhula nthawi tinaiyesa, koma inkalankhula Chizungu cha m'mphuno, ndipo magetsi akazima masiku angapo inkangokhala ngati mwala. Choncho ndinabwerera ku wotchi yanga ija. Ndinachotsa galasi ndi nsonga ya mpeni kuti azikhudza mivi. Pa nambala iliyonse ndinamatapo mkanda ndi guluu, pamwamba penipeni ndinaikapo iwiri kuti adziwe poyambira. Kabatani kozimitsira belu kanali kakang'ono ngati nyemba, ndinamatapo chitsekerero cha botolo. Muvi wa alamu ndinauthyola dala kuti asausokoneze ndi inzake, nditauloza kale pa nthawi imene kunja kumakhala kutayera. Pansi ndinakhomerapo kathabwa kuti isamagwe.

"Belu likapanda kulira, musatuluke," ndinawauza. "Mukakayika, khudzani."

"Ndamva, a injiniya. Nanga satifiketi yanu ili kuti?"

Inagwira ntchito miyezi ingapo. Ndinayamba kuyenda modzikweza pang'ono, mpaka ndinajambula papepala ina yoposa iyo, ya mivi yachitsulo. Chimene sindinaganize nʼchakuti munthu wosagona amakhudza wotchi kambirimbiri. Chala cha mlimi nʼcholemera. Kukhudza kulikonse kunkakankha mivi pang'ono, mpaka kachitsulo kapakati kanakhwefuka, wotchi inayamba kuthamanga yokha. Ine wopenya ndikanazindikira pongoyang'ana kunja. Iwo analibe pofananizira. Tsiku lina belu linalira kukadali usiku, ndipo anachita zomwe ndinawauza.

Ndinaitanidwa kutacha. Ndinawapeza atakhala m'mbali mwa njira, pafupi ndi manda, malaya atang'ambika, dzanja lamanja litatupa ngati chinangwa. Keni inali itaphwanyidwa. Anati owamenyawo anali anthu angapo, ndipo palibe analankhula, kuopa kuti angawazindikire mawu. Ku chipatala anamanga dzanjalo ndi pulasitala. Zala ziwiri sizinawongokenso, zomwe zija ankawerengera mikanda.

Titabwerako ndinanena kuti ndiikonza, ndimanga mivi ndi waya. Anandipatsa wotchiyo ndi dzanja lamanzere.

"Tenga, uziyang'ana iweyo. Koma undigulire loko. Uzitseka kunja madzulo, uzibwera kudzatsegula kukacha."

Ndinakana, ndinakalipa, kenako ndinagula. Mpaka lero madzulo alionse ndimawatsekera achimwene anga ngati mbuzi, ndi chidebe pakona. Dimba linamera udzu. Amakhala pakhonde tsiku lonse, ndipo sandifunsanso nthawi. Wotchi ili pawindo panga, ikuyendabe, ikunamabe.

M'mawa wina ndikulimbana ndi loko, anandipeza aneba awo, bambo wachikulire wogulitsa nsomba zouma, amene anakula limodzi ndi achimwene, ankawedza limodzi mumtsinje wa Domasi ali ana. Anali atavala mkanjo, akuchokera ku swala kumzikiti. Anandikokera pambali, pansi pa mtengo wa mango, nʼkutsitsa mawu.

"Mphwanga, mwavutika nayo wotchi ija, ndinkakuonani. Ine m'bandakucha uliwonse ndimadutsa pawindo lawo ili pochokera kumzikiti. Kugogoda kokha nʼkunena kuti kwacha, sikukananditengera kanthu. Kangapo ndinaimapo, dzanja ndinakweza. Koma ndinkaganiza, anthu akandiona, aziti timayendera limodzi. Ndili ndi zidzukulu ine."