Tsiku limene agogo anayankhula Chilomwe

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Yohane, ndimamva fungo la makala ndi la mtovu wosungunuka, ndi kulira kwa kahamala kawo pa chidutswa cha njanji chimene ankakhomerapo ndowa ndi zikoloboyi. Ankagwira ntchito m'chisakasa cha udzu kuseri kwa nyumba, m'mudzi mwathu kufupi ndi Nselema, utsi ukutulukira m'mbali, nkhuku zikupalasa pakati pa zidutswa za malata. Anali munthu wa mawu ochepa. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, nyimbo akuimbira kukhosi. Tikawafunsa kwawo ankangoti, "Ku Mulanje uko," n'kupitiriza kukhoma.

Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, anthu anayamba kutulukira m'njira za kum'mawa, mitolo pamutu. M'mawa wina tinapeza mayi wina, ana ake atatu ndi gogo wokalamba kwambiri atakhala pansi pa mango athu. Mapazi a gogoyo anali otupa, omangidwa ndi sanza. Agogo aakazi anawalonjera m'Chichewa, koma alendowo anangoyang'anana. Che Asiyatu, anansi athu, anayesa Chiyao, n'kungotolako liwu apa ndi apo.

Kenaka anafika a Mateyu, mlongo wawo wa agogo aakazi, amene anali mwini mbumba.

"Apatseni madzi ndi phala, apitirire," anatero. "Boma lili ndi malo a anthu otere. Nkhokwe mwaiona nokha. Nanga achinyamata achipani akabwera kudzafunsa makadi, ayankhe ndani?"

A Mateyu sanali munthu woipa, ndipo za nkhokwezo sananame. Koma aliyense ankaona kuti gogo uja sakanafika ngakhale pamsewu. Gogoyo anayankhula motsitsa, akuloza mapazi ake. Pomwepo hamala inasiya kulira.

Agogo aamuna anatuluka m'chisakasa akupukuta manja pa kabudula, ananjuta pamaso pa gogoyo, anaomba m'manja, n'kutsegula pakamwa. M'kamwamo munatuluka chiyankhulo chimene sitinawamvepo chibadwire, chikuyenda ngati madzi a mumtsinje mvula itagwa kumtunda. Gogo uja anawagwira dzanja n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika.

Agogo aakazi anaika manja m'chiuno. "A Yohane, zaka zonsezi mwakhala mukundibisira lilime lina m'nyumba mwanga?"

"Simunandifunse bwino."

"Ndiye ndikapsereza ndiwo mumandinena m'chiyankhulo chiti?"

Anthu anaseka, ngakhale a Mateyu. Apo ndi pamene agogo anatiuza kuti anabadwira kutsidya komweko. Mayi awo anawoloka nawo ali kumsana, pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ku minda ya tiyi anzawo ankawaseka n'kumawatcha Anguru, mpaka iwo anameza Chilomwe chawo, osachitulutsanso.

"Zamveka, alamu," anatero a Mateyu, "koma mkamwini sagawa malo."

"Zoona, ine dothi ndilibe kuno," agogo anayankha. "Koma chisakasachi ndinamanga ndekha. Mukati awa apitirire, mundiuze nditenge hamala yanga, poti njira imene adzera ndi yomwe ndinadzera ine."

Sindinawamvepo akuyankha mlamu wawo chotero. Apo agogo aakazi anati, "Munda wa kudambo anandisiyira amayi, ndi wanga, awa alime kumeneko. Kodi Boazi anawerenga ngala zimene Rute anakunkha?"

"Mukayamba Baibulo nonse awiri, ine ndapita," anatero a Mateyu. Anapitadi, koma madzulo anatumiza dengu la chinangwa chouma.

Tsiku lomwelo zipangizo zinasamukira pansi pa mango, chisakasa chinamatidwa n'kukhala nyumba. Achipani atabwera, agogo anawauza kuti awa ndi abale awo, ndipo sindikhulupirira kuti ananama. Chaka chimenecho njala tinaimva ndithu. Mwezi wa Febuluwale tinkadya kamodzi, nthawi zina madeya okhaokha. Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi phokoso. Agogo aja a mawu ochepa anasanduka olongolola. Ankakhoma ndowa akukangana ndi gogo uja za mitsinje ya kwawo, ankaimba nyimbo za mayi awo mokweza mpaka agogo aakazi ankati, "Bwezani amuna anga aja ofatsa, awa sindikuwadziwa." Rozina, mwana wamkulu wa alendowo, anaphunzira Chichewa pa mtondo ndi pachitsime, ndipo posakhalitsa ankatiposa tonse pa mtsutso.

Nkhondo isanathe agogo aamuna anadwala, ndipo m'masiku awo otsiriza Chichewa chinawathawa. Anatsala ndi Chilomwe chokha. Ana awo enieni, ngakhale mkazi wawo, sankamva kanthu. Rozina ndiye ankakhala pamphasa n'kumatimasulira.

"Akuti phalali mulibe mchere."

"Auze kuti achira, ayamba mwano," anatero agogo aakazi, akupukuta m'maso.

Kudzera m'kamwa mwa Rozina tinamva madalitso athu, aliyense ndi dzina lake. Tinamva dzina la mayi awo, ndi pemphero limene anawaphunzitsa ali kumsana. A Mateyu nawo anamva gawo lawo: akuti zikomo chifukwa cha chinangwa.

Lero ndimakhala ku Balaka, ndipo anthu akamakangana za malire, za amene ayenera kulowa ndi amene ayenera kubwezedwa, ine ndilibe nzeru za malamulo. Ndimadziwa kuti nkhokwe imatha. Koma Mulungu anauza Aisraeli kuti akonde mlendo chifukwa iwonso anali alendo, ndipo ine ndine mdzukulu wa mwana amene anawoloka ali kumsana. Tikanawauza anthu aja kuti apitirire, agogo akanatidalitsa ife osamva. Nchifukwa chake mlendo akaima pakhomo panga, mpando umatuluka mafunso asanayambe.