Chipinda chathu amachibwereketsa masana ku Zingwangwa

Chipinda chimene ndinalipirira sabata yathunthu ndinachipeza chokhoma, muli anthu ena, dzuwa lisanafike n'paliwombo pomwe.

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, kwathu ndi ku Nsanje. Ndinabwera ku Blantyre ndi akazi anga, amake Tereza, kudzachotsetsa ng'ala m'diso lawo lamanja. Lamanzere linazima kalekale. Choncho tikunena za diso limodzi lokha limene latsala.

Opaleshoni itatheka, adokotala anatiletsa kubwerera kumudzi msanga. Anati tikhale pafupi sabata imodzi kuti aziliona. Anatipatsa kabotolo ka mankhwala odontheza maola anayi alionse, natichenjeza za fumbi, utsi ndi dzuwa.

Pogona sindinasankhe mwachibwana. Ku Machinjiri ndinakuopa chifukwa cha minibasi ziwiri. Ku Bangwe n'kutali. Ku Chilomoni kuli zitunda, ndipo mayiwa akuyenda mogwirizidwa. Ku Ndirande ndinakhalako ndili mnyamata, phokoso lake ndikulidziwa. Ndinakhazikika pa Zingwangwa, poti n'kufupi ndi chipatala. Kumeneko ndinapeza loji ya mpanda wa njerwa, maluwa pakhomo, vesi la m'Baibulo lili pakhoma polandirira alendo. Mtima unakhala pansi. Chikomekome cha mkuyu!

Lachinayi ndinawadontheza mankhwala 8 koloko m'mawa, ndinasiya kabotolo patebulo, tinanyamuka kukaonetsa diso. Kiyi tinasiya pakauntala, monga lamulo lawo lolembedwa pachitseko likunenera. Tinabwerako 11:20.

Mtsikana wolandira alendo sanadzutse nkhope pafoni yake. Anati tidikire pang'ono, chipinda chili bize. Ndinafunsa kuti chatanganidwa ndi yani, popeza eni ake ndife tayima pano. Anati muli makasitomala a shotitaimu. Mawuwo ndinali ndisanawamvepo, ndipo ndinapempha kuti andimasulire. Anaseka.

"Madala, inu munalipira kugona. Kugona ndi usiku. Masana chipinda chimagwira ntchito."

Ndakalamba ndikuphunzitsa ana, koma phunziro limeneli ndinali ndisanalilandire.

Manyazi ndinawameza. Ndinati chipinda chikhale, andipatse mankhwala okha, pakuti 12 koloko yayandikira. Anati katundu wathu yense anamuika mosungira katundu, ndipo kiyi wake wapita ndi amanijala ku Limbe kukaoda zakumwa. Anawaimbira foni 11:45. Anati akubwera pompano. Itakwana 1 koloko, anati ali pa Maselema. Itakwana 3 koloko, anali pa Maselema pomwepo. Kodi pa Maselema pamera ulimbo masiku ano?

Ndinapempha kuti tithyole loko, ndigula watsopano ndi ndalama zanga. Anakana, ati m'menemo muli makireti a mowa, ukasowa ntchito imuthera. Ndinapempha chipinda china choti mayiwa agonemo. Zonse zinali bize. Wina adzati bwanji osakagula mankhwala ena. Pepala lolembapo dzina lake linali m'chikwama chomwecho. Ndiponso ndikanawasiya ndi yani, munthu wosaona, pamalo otere? Nthawi zonse mtsikana uja ankandiuza kuti kwatsala mphindi zisanu.

Amake Tereza anakhala pabenchi pakhonde. Kunali kamphepo ka mu Okutobala, kaja kamanyamula dothi la mumsewu n'kukuthira m'kamwa. Kuseri kwa mpanda wina anayatsa zinyalala. Ndinatenga chitenje chawo, ndinayima nditachitambasula kuwatchinga kumaso, mpaka mikono inachita dzanzi. Awiriawiri ankadutsa pamaso pathu, kulowa ndi kutuluka. Mmodzi, bambo wa mphete pachala, anatipatsa moni mwaulemu ndithu: "Zikomo agogo." Mayiwa anayankha moniwo, poti sankaona amene akumuyankha.

Amanijala anafika 5:40, akutafuna chimanga chootcha. Madontho a 12 koloko anali atapita, a 4 koloko nawonso. Kupepesa kunalibe. Anati chiyambire palibe amene anadandaulapo, koma ife a kumudzi timavuta. Anawonjeza kuti diso silingafe ndi tsiku limodzi. Udokotala umenewu anauphunzira kuti? M'makireti?

Anatitsegulira chipinda. Nsalu ya pabedi inali yomwe ija, angoitembenuza. Amake Tereza anapapasa bedi, nabweza dzanja. Takhala m'banja zaka makumi anayi ndi ziwiri, ndipo sanandikwezerepo mawu. Tsikulonso sanakweze. Anangofunsa pang'onopang'ono:

"Abambo a Tereza, kodi mwandibweretsa kuti?"



Lachisanu m'mawa diso linali lofiira, lotupa, misozi ili chuchuchu. Adokotala anafunsa kuti akuwadontheza mankhwala ndani. Ndinati ndine. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo kuyang'anako kunandipweteka kuposa mawu onse a amanijala. Asintha mankhwala, ati Lolemba ndi pamene adzadziwe ngati disolo lidzaona. Ine sindine dokotala, sindingalumbire kuti chalitupitsa ndi fumbi lija kapena madontho odumphidwa aja. Chimene ndikudziwa n'chakuti Lachinayi m'mawa analiona nati lili bwino.

Tinasamuka tsiku lomwelo. Tikusungidwa ku Misesa, kwa mayi wina wa mpingo wathu amene tinadziwana naye pamzere kuchipatala.

Inu amene mukubwera m'tauni muno ndi wodwala, musanyengeke ndi maluwa. Funsani musanatsitse chikwama: chipindachi ndi changa masana omwe? Ndikatuluka, mulowa yani? Ndipo mankhwala musawasiye m'mbuyo, ngakhale mukupita pafupi.

Kwa inu eni loji, dzina lanu ndalisunga, ndidzalitchula koyenera. Koma ndiyankheni. Ndani anakulolani kugulitsa chipinda chimodzi kawiri? Bwanji simunandiuze tsiku loyamba, mutaona ndi maso anu mayi womangidwa bandeji? Inu muli nawo maso awiriawiri. Akazi anga ali pano m'chipinda chamdima, akuwerenga masiku ofikira Lolemba ndi zala.