Thumba Lofiira Pakhola la Nkhuku

Tsiku limene msuweni wake anavala gauni ya omaliza maphunziro, Nankhuku ndiye ankatsuka mbale za alendo. Dzinali anamupatsa ndi anzake a ku koleji chifukwa kafukufuku wake anali wa chakudya cha nkhuku. Kafukufuku yemweyo ndi amene anamugwetsa.

Anali mwana wamasiye, wokulira kwa amalume ake. Chithunzi cha msuweniyo chinapachikidwa pabalaza, ndipo wochipukuta fumbi m'mawa uliwonse anali iye. Tisanamizane, nsanje inkamudya mtsikanayu. Ponena kuti "Mwakhoza, asuweni," ankaseka ndi mano okha.

Koleji inamupatsa mwayi umodzi wotsiriza. Akalepheranso, sukulu yathera pomwepo.

Chomuwawa n'chakuti pa kafukufuku amene anamugwetsa uja anatsata dongosolo lonse. Anagawa amayi oweta nkhuku m'magulu awiri pochita mayere, kuti pasakhale kukondera. Gulu loyamba analipatsa chakudya chatsopano chimene anasakaniza yekha, m'matumba ofiira. Lachiwiri linapitiriza ndi chakale, kuti pakhale poyerekezera. Koma ataziika pa sikelo, nkhuku zonse zinali zitanenepa chimodzimodzi.

"Chakudya chakale sichinenepetsa chonchi," aphunzitsi ake anatero. "Pali chimene chinalowerera, ndipo iwe sukuchidziwa. Ndikukhozetse bwanji?"

Nankhuku anabwerera kwa amayi aja, khola ndi khola. Kwa mayi wina wa gulu lachiwiri anaona thumba lofiira litatseka chibowo cha waya.

"Mayi, thumba ili munalitenga kuti?"

"Kwa alamu anga. Ndinkakapemphako. Inu mumati ndizingoonerera zawo zikunona, zanga zili mafupa okhaokha? Zinalakwa chiyani zangazi?"

"Komatu anali mayere, mayi."

"Mayerewo alibe m'bale. Ine ndili naye."

Wina, amene anamanidwa atakapempha, anaulula kuti ankawonjezera zotsala za nsomba mwakabisira, n'cholinga choti mnzake wa thumba lofiira asamupose.

Nankhuku anafuna kukalipa, koma atawayang'ana anadziletsa. Nkhope ya amayiwo ankaidziwa bwino. Ndi yomwe ankaiona pagalasi la chithunzi chija akamapukuta.

Anayambiranso. Ulendo uno aliyense analandira thumba loyera, lofanana ndi la mnzake, chakudya chooneka chimodzimodzi. Wodziwa kuti chatsopano chili muti anali aphunzitsi okha, ngakhale Nankhuku mwiniwakeyo sankadziwa. Anawalonjezanso amayiwo kuti chakudyacho chikapambana, onse adzaphunzitsidwa kasakanizidwe kake. Panalibenso chosirira, choncho kupemphana kunatha.

Sizinali zophweka. Ankasenza matumba mpaka khosi kuuma. Akakwera basi, anthu ankagwira mphuno chifukwa cha fungo la zitosi. Akafika kunyumba n'kupeza msuweni wavala nsapato zazitali zopitira ku ofesi, mtima unkamuwawabe. Koma m'mawa ankadzuka n'kunyamula sikelo yake.

Poyeza komaliza, kusiyana kunaonekera poyera. Nkhuku za chakudya chake zinalemera kwambiri, ndipo panalibe wokayikira chifukwa chake.

Amalume anakhoma msomali wachiwiri pabalaza paja, n'kupachikapo chithunzi cha Nankhuku atavala gauni. Msuweni anaima n'kuyang'anitsitsa zithunzi ziwirizo, kenako anati: "Bambo, chakecho bwanji chakula kuposa changa?"

Nankhuku anangomupatsa kansalu kopukutira.

Inu amene mukupukuta chithunzi cha mnzanu lero mtima ukuwawa, musakane, nsanje tonse tili nayo. Koma isakugonetseni pansi. Bwererani pamene munagwera, mukafufuze thumba lofiira lanu, muyambirenso. Osataya mtima, khoma likadali ndi malo.