Unabadwa Liti Iwe?

Amalume anga, achimwene awo a mayi, anayamba kuimba ine ndisanabadwe, ndipo mpaka lero sanapezeke munthu wolimba mtima woti awaletse. Kwathu ndi ku Chia, kumene mwamuna amadziwika ndi ukonde wake kapena munda wake wa mpunga. Amalume analibe zonse ziwiri. Anali ndi banjo.

Banjoyo anakhoma okha ndi chigubu cha mafuta a galimoto, thabwa la bwato lakale, ndi mawaya a mabuleki a njinga. Njingayo inali ya bambo anga, ndipo bambo anadziwa za mawayawo ali kale pamtsetse, dengu la chambo lili kumbuyo. Mpaka imfa yawo ankati iwo ndiwo anali munthu woyamba kukhetsa magazi chifukwa cha nyimbo za alamu awo.

Bandi inali ya anthu atatu: amalume, mnzawo woimba babatoni, chigitala chachikulu chija amachita kuchikhalira pochiimba, ndi wina wogwedeza zitsekero za mabotolo. Ankaimba padoko asodzi akamakocheza. Asodziwo ankawaponyera usipa, ndipo sindinamvetse ngati kunali kuwafupa kapena kuwagenda.

Nthawi imeneyo wayilesi inali imodzi dziko lonse. Chaka china anthu a ku wayilesiko anabwera pa boma ndi makina ojambulira mawu, akuti akufuna oimba a kumidzi. Amalume anachapitsa malaya, anakaimba, ndipo bambo wa makinawo anagwedeza mutu n'kuwauza kuti, "Muzimvetsera." Amalume anamvetseradi. Ndinakula ndikuwaona ali khutu pawayilesi, mabatire atawayanika padzuwa ngati utaka kuti abwerere mphamvu. Anamva mauthenga a maliro, mitengo ya fodya, nyimbo zotamanda boma, zonse anamva, koma yawo ayi. Ankati ku Blantyre kuli munthu wansanje amene anabisa tepi yawo. Azakhali, akazi awo, ankati munthuyo si wansanje koma wachifundo.

Boma litasintha kunabwera makaseti, ndipo aliyense wokhala ndi pakamwa anasanduka woimba. Amalume anakwera basi ya ku Blantyre n'kubwerako ndi katoni yodzaza. Pachikuto panali iwo atavala jekete yobwereka, dzanja lili pachibwano ngati munthu amene dzino likumuwawa. Wachibale aliyense analandira yake. Makaseti aja anathandiza mudzi wonse, chifukwa ukamata pepala patimabowo ta pamwamba umatha kujambulirapo kwasakwasa. Tsiku lina amalume anafika kwathu ndi alendo n'kulamula kuti tiike kaseti yawo. Inayamba bwinobwino ndi mawu awo akupereka moni kwa Amalawi onse, kenaka mwadzidzidzi panalowa munthu woimba Chilingala. Tonse tinayang'ana pansi. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope ili gwa.

"Mwadzimvera nokha," anauza alendowo. "Anthu a ku Zaire akundibera pakaseti yanga yomwe."

Kenaka kunawomba mphepo ya nyimbo zauzimu. Oimba amene dzulo lake ankaimba za mowa ndi akazi a eni anadzuka atalapa onse pamodzi, atavala masuti oyera. Wa babatoni uja analapa nawo, anagula kiyibodi, bandi n'kuthera pomwepo. Amalume sakanamutsatira poti banja lathu ndi lachisilamu, choncho anayesa kaswida, nyimbo zachisilamu. Anakawaimbira ashehe Lachisanu lina titatuluka mumzikiti. Ashehe anamvetsera atatsinzina, kenaka anafunsa mofatsa kuti, "Mulungu anagawa mphatso zosiyanasiyana, achimwene. Kodi ulimi wa chinangwa munauyesapo?"

Za ma CD sindinena zambiri. Chimbale chawo chinatuluka, ndipo azakhali anamanga timbale tonyezimirato pazingwe m'munda mwawo kuti tiziopseza mbalame. Mpunga wa chaka chimenecho unachita bwino kwabasi. Aka kanali koyamba kuti nyimbo za amalume zidyetse banja.

Zaka zingapo zapitazo, ine ndili telala pakhonde la sitolo ina pa boma, amalume anatulukira banjo ili kumsana, imvi zili mbuu.

"Mphwanga," anatero, "ndamva kuti kuseri kwa ometa tsitsi awa kuli situdiyo. Ndiperekeze."

Situdiyoyo inali kachipinda kopanda zenera, makoma atamatidwa mathireyi a mazira, pachitseko atatsamiritsa matiresi. Mwini wake, amene aliyense ankangomutcha pulojusa, anali bambo wandevu zosongoka wovala magalasi akuda ngakhale mumdima umenewo. Sanaimirire. Anangoti, "Bho, madala?"

Amalume anayang'ana uku ndi uku. "Bandi ili kuti?"

"Ili umu," anatero pulojusa akusisita kompyuta. "Ng'oma, magitala, malipenga, zonse."

"Imadya chiyani?"

"Magetsi."

"Ndiye imagona ndi njala kawirikawiri."

Pulojusa sanaseke. Anawauza kuti banjo aisiye panja chifukwa ikulira ngati chitseko cha bafa. Amalume anangondipatsa ine kuti ndiigwire. Pulojusa anawaveka mahedifoni, n'kuwaimika kutsogolo kwa maikolofoni yokutidwa ndi sokosi.

Nyimbo yawo inali ya munthu wina amene anapita ku Joni n'kuiwala mkazi wake. Inali ndi ndime zambiri, ndipo munthuyo asanafike n'komwe pachipata cha Mwanza, pulojusa anaimika dzanja.

"Madala, yatalika. Anthu a masiku ano alibe nthawi."

"Akupita kuti?"

"Ingodulani. Tiyambirenso."

Anayambiranso. Anawaimitsa, akuti athamanga. Anayambiranso. Akuti atsalira. M'kachipindamo munatentha ngati uvuni wa njerwa, thukuta likuyenderera m'khosi mwa amalume. Kenaka pulojusa analowetsa mawu awo m'makina amene akuti amawongola mawu okhota, n'kutiimbira kuti timve. Chimene chinatuluka chinali udzudzu uli m'botolo.

"Ameneyo ndani?" anafunsa amalume.

"Ndinu, madala. Panopa mwayamba kumveka. Tsopano poyambira paja muziti 'yo, yo', kenaka mutchule dzina langa."

Apa mpamene chingwe chinadukira. Amalume anavula mahedifoni, anamuloza pulojusa ndi chala, n'kukuwa ndi mawu amene sindinawamvepo chibadwire, mawu ochokera pansi pa mimba.

"Kodi iwe, unabadwa liti? Unabadwa liti iwe? Ine ndinayamba kuimba amako asanamere mano!"

Anagwetsa matiresi, anandilanda banjo, ulendo wa ku Chia. Maikolofoni inali isanazimitsidwe.

Pasanathe mwezi, ndili pamakina anga, panadutsa njinga yamoto sipika ili phwii. Ng'oma zinkagunda ngati mtondo, ndipo pamwamba pake panali amalume: unabadwa liti, unabadwa liti iwe, li-li-liti iwe. Ndi kudzidzimuka, ndinasoka thumba la thalauza la mwini n'kulitseka. Pofika Loweruka inali m'mafoni onse pamsika. Anyamata okopera nyimbo m'makadi ankaiika poyambirira usanapemphe. Inkalira m'maminibasi a ku Dwangwa ndi a ku Salima. Amayi akakangana pamjigo sankavutikanso kufuna mawu, ankangoyamba kuimba. Mawayilesi, amene tsopano achuluka ngati achule a dzinja, ankaiimba m'mawa ndi masana. Za munthu wa ku Joni uja munalibe ngakhale liwu limodzi. Dzina la panyimbopo linali la pulojusa.

Amalume anaimva kwa mdzukulu wawo akutsuka mbale. Anakwera matola tsiku lomwelo atanyamula mpini wa khasu. Koma atangotsika padepoti, wina wowadziwa anakuwa kuti, "Ndi amenewa!" Anthu anawaunjirira. Makondakitala anawagwira chanza ndi manja awiri, atsikana a kusekondale anajambulitsa nawo, wogulitsa chipisi anawapatsa mbale yaulere. Pamene ankafika pakhonde langa n'kuti mpini uja ataugwira ngati ndodo ya nduna. Tinalowa kwa pulojusa, amene anabisala kuseri kwa mpando. Amalume anatsamiritsa mpini uja kukhoma.

"Mwana wanga," anatero, "bwanji sunaikepo chithunzi changa?"

Chaka chimenecho anadya mpunga wa maukwati onse kuyambira ku Bua mpaka ku Dwambazi. Ankapita ndi banjo, n'kuyamba mwaulemu nyimbo ya munthu wa ku Joni. Anthu ankapirira ndime imodzi, kenaka ankakuwa kuti, "Nenani ija, madala! Ija!" Iwo ankanena, anthu n'kugwa nacho chimwemwe, mwini mwambo n'kuwalanda maikolofoni. Munthu wina wofuna uphungu anawakweza pathiraki kuti azifunsa funsolo akuloza chithunzi cha mnzake wopikisana naye. Kunabwera ngakhale anthu a mumzinda ndi makamera, n'kulengeza kuti amalume ndi chuma cha fuko chimene chakhala chikunyalanyazidwa. Sanapemphe kuti amve nyimbo ina iliyonse. Wa babatoni uja, amene tsopano ndi mtumwi wokhala ndi tchalitchi chakechake, analalikira mwezi wathunthu pamutu woti "Unabadwa liti?", ndipo akuti anthu ambiri anabadwanso.

Vuto linadza pa nyimbo yachiwiri. Pulojusa anawaitana, anawaimika pamaikolofoni, n'kuyamba kuwaputa dala. Anati banjo yawo ndi yoyenera kuwotcha. Amalume anaseka. Anati mawu awo ndi a nkhalamba yopanda mano. Amalume anati, "Nena, mwana wanga, nena, ndiwe katswiri." Anazimitsa fani, anawayambitsa nyimbo kambirimbiri, anafika powatchula dzina lawo lenileni popanda ulemu ngati mnzake wa kubawo. Munthu anali atakhuta kutchuka, ukali unakana kubwera. Atawapempha kuti angoyerekeza, zinatuluka ngati sewero la ana a sukulu.

Pulojusa sanataye nthawi. Anamva za mayi wina wogulitsa nsomba zowamba ku Dwambazi amene amatukwana aliyense wonenerera mtengo, anapita ndi foni m'thumba, anakanenerera dala. Nyimbo ya mayiyo ndi imene ikulira m'maminibasi panopa. Maukwati anasiya kuitana amalume. Padepoti amadutsa ngati munthu wina aliyense, ndipo chipisi amagula.

Masiku ano amabwera pakhonde langa pafupifupi tsiku lililonse, n'kukhala pabenchi ya makasitomala. Ukali uja unabwerera wonse, wakupsa bwino. Amatukwana pulojusa, mayi wa nsomba, mawayilesi, a ku Zaire, mtumwi, ndi dziko losadziwa kuyamika. Mawu ake ndi akuthwa kuposa oyamba aja, ena oti akanagwedeza dziko mpaka ku Nsanje. Akamalankhula amaponya diso kukhomo la ometa tsitsi, kumene kuli situdiyo ija, n'kukweza mawu pang'ono. Ine ndimangopalasa makina anga, ndipo ndikawapempha kuti asunthe kasitomala akhale, amandifunsa ngati ndikudziwa amene ndikulankhula nawo.