Lilime Lobwereka la a Mulepa

Mwamva zimene zikukambidwa ku Hillfields kuno, zoti a Dyson Mulepa, mkulu wa mpingo wathunthu, amatseka makatani masana n'kumadya nkhono za m'nyanja? Ena akuti amameza zamoyo. Ena akuti ndi mankhwala olimbitsa msana, poti gondolosi kuno ku Coventry sapezeka. Anayambitsa nkhaniyi ndi Mayi Deliwe, amene anapita kukabwereka ayironi n'kubwerako ataona zigoba mu bini. Bini yake ndi yovundikira, ndiye mmene anazionera akudziwa okha.

Zigobazo zinalimodi. Koma ankadya ndine, Ellard, neba wawo.

A Mulepa kwawo ndi ku Makwasa, ku Thyolo, ndipo anabadwira mumpingo wosunga Sabata. Chibadwire sanalawepo nkhumba, mlamba, ngakhale mbewa. Cha m'madzi chopanda mamba ndi zipsepse amachilambalala. Zaka khumi ndi zisanu anali kuki wa bwana wina pa esiteti ya tiyi, ndipo ankakazinga bekoni m'mawa uliwonse osanyambita chala. Mu 2003 anatsatira akazi awo, Mayi Rhoda, amene ndi nesi ku chipatala cha ku Walsgrave. Kuno kuki uja anasanduka wonyamula makatoni ku weyahausi.

Makatoni sanawadandaule. Chinawapweteka n'chakuti mu 2006 rota ya masiku ogwira ntchito inasintha, anayamba kuwaika Loweruka. Anapempha, anasinthana ndi anzawo mpaka anzawowo anatopa. Masabata ena ankapita ku ntchito basi, atavala kajekete kowala ka ku weyahausi, Baibulo lili m'chikwama cha lanchi. Anaonda mpaka kolala ya shati inkazungulira yokha m'khosi.

Ndiye anamva za kamalo kena kodyera ku Birmingham, ka mayi wa ku Japan, Mayi Nishio. Amaphikira nkhomaliro anthu a m'maofesi, Lolemba mpaka Lachisanu, kuweruka dzuwa lisanalowe. Loweruka kotseka. A Mulepa atapita kukapempha ntchito, mayiyo anati abwerenso pakatha mwezi adzaphike chakudya chimene makasitomala ake amachifera, akachikhoza ntchito ndi yawo. Chakudya chake chinali ma oyisitala owotcha mu uvuni, nkhono zija.

A Mulepa anagogoda kwanga. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma pa nkhani ya kudya ndinapita patali.

"A Ellard, inu mumadya chilichonse eti?"

"Chimene sichinayambe kundidya ine, ee."

"Ndikufuna ndibwereke lilime lanu."

"Mubweza liti?"

Sanaseke. A Mulepa kuseka amachita kukonzekera dzulo lake.

Tsiku lililonse la ofu ankakwera sitima kupita ku msika wa nsomba ku Birmingham, n'kubwerako ndi kathumba kolira ngati miyala. Mpeni wake wotsegulira analibe, ankakanula ndi sikuludalaiva yowiritsa, dzanja atalikulunga kansalu. Pa thireyi ankayala mchere wamibulu kuti zigoba zisapendekeke, madzi ake angatayike. Pamwamba ankapaka mayonesi wosakaniza ndi miso, kaphala kofiirira ka soya wochita kusasitsa, kenako anyezi wa masamba ndi nyenyeswa za buledi. Mu uvuni mphindi zochepa chabe, mpaka pamwamba pachite mawanga ngati nthochi yakupsa.

Akatero ankakhala moyang'anizana nane, pensulo m'manja, maso ali pakamwa panga.

"Bwanji?"

"Zili bwino."

"Musandinamize, mwatsinzina diso limodzi."

"Mcherewo, achimwene. Ngati ndamwa nyanja ya Chilwa."

Ankalemba m'kope: miso achepeko theka la supuni. Ndikakwinya mphuno, ankalemba. Ndikakhala chete n'kutenga ina, ankadula mzere kunsi.

Mlungu wachiwiri munali imodzi imene inabwera itayasama kale. A Mulepa anati imeneyo ndi yaulemu, yatichepetsera ntchito. Ndinaidya, osadziwa kuti inali yakufa. Masiku awiri ndinawerenga matailosi onse a m'chimbudzi mwanga. Mayi Rhoda anandisungunulira madzi a shuga ndi mchere n'kunena kuti, "Alamu, zina muzikanako, mudzatifera kukhitchini." A Mulepa nawo anabwera kudzandizonda, ndi pensulo. Analemba: yoyasama, tayani.

Tsiku la mayeso ndinawaperekeza, n'kudikira panja ngati kholo. Mayi Nishio ataona thireyi ija anawauza kuti alawe kaye okha. Iwo anati sangathe, chipembedzo sichilola. Mayiyo anafunsa kuti nanga mchere mumaudziwa bwanji. Anatulutsa kope lija, masamba asanu ndi awiri ofotokoza nkhope yanga. Mayiyo anadya imodzi, anadya yachiwiri, n'kufunsa ngati angayambe Lolemba.

Papita chaka tsopano, a Mulepa sanajombepo tsiku la Sabata ngakhale kamodzi. Amafika oyamba, n'kuyala mipando mu holo imene mpingo umabwereka. Kolala inasiya kuzungulira. Koma ndi mu holo momwemo mmene nkhani ya zigoba yanenepera, poti tsopano anthu amawaona Loweruka lililonse n'kukumbukira. Pa chakudya cha pamodzi, mphika wa nyemba wa a Mulepa ena amaudumpha. Nyemba zimenezo zimabwera kwanga.

Lamlungu lapitali akulu anzawo awiri, a Justus ndi a Martin, anabwera kunyumba kudzafunsa mwaulemu. Ine ndinali pa sofa ndikudikira, chifukwa Mayi Nishio akufuna kuwonjezera nkhanu pa menyu. A Justus anazungulira. Anayambira ku Levitiko, anadzera kwa Danieli, anakhosomola, kenako anafika poti abale akuti a Mulepa mukudya zodetsedwa.

A Mulepa anapukuta manja pa epuloni.

"Ndikunyamula makatoni tsiku la Sabata, palibe anabwera kudzandifunsa. Sindinadyepo. Amene amadya ndi awa ali pa sofawa, ndipo ndi a Katolika."