Khasu lomwe linakweza maliro ku Misuku

Ntchito ya pa galaja ndinaipeza chifukwa cha mkangano. Nditamaliza Fomu 4 ndinkangoyendayenda pa boma la Chitipa, ndipo tsiku lina ndinaona dalaivala wa lole akuthira madzi ozizira m'injini yotentha. Ndinamuuza pamaso pa anthu kuti mutu wake sukuyenda bwino. Tinatsala pang'ono kugwirana malaya. A Silungwe, mwini galaja ya pafupi, anamva zonse. "Pakamwa pako m'poipa, koma wanena zoona," anatero. "Ubwere mawa ndi ovolosi."

Iwo ndi amene anandiphunzitsa za valavu ya EGR. Pa galimoto za dizilo zokoka mateyala onse anayi, valavuyi imabweza utsi wina kuchokera ku ekizozi kuti ulowenso m'injini. Ndi dizilo wathu wa m'zigubuyu, mwaye umaundana mpaka valavu imakanirira ili yotseguka. Injini imatsamwa utsi wake womwe, imafuka zakuda, pa chitunda n'kugonja. Sipeya ikasowa, timatseka njira ya utsiyo ndi kachitsulo kophwatalala pakati pa paipi ndi valavu. Amakaniki aulesi amadula chitini cha mafuta ophikira. Chitini chimapsa, zidutswa zake injini n'kumeza. A Silungwe ankati kutsekako ndi kumanga bala chabe, si kuchiza.

Tsiku lovuta linafika m'nyengo ya mvula. Uthenga unabwera m'mawa kuti galimoto yonyamula maliro yafera m'munsi mwa mapiri a Misuku. Tinathamangira pa njinga yamoto, ine kumbuyo ndi bokosi la masipanala.

Malemuwo anali mayi wa ku Misuku komweko. Mwamuna wawo, mphunzitsi wochokera ku Dedza, ndiye ankawaperekeza kwawo. Manda anali atakumbidwa kale, abale akudikira kumtunda, ndipo mitambo inali itayamba kuda. Aliyense wodziwa msewu umenewo ankadziwa kuti mvula ikangogwa, thupi ligona panjira.

A Silungwe anavula kapusi asanatsegule boneti. Anapita kaye kwa amayi amene anakhala mozungulira bokosi kumbuyo kwa galimoto, n'kuwapepesa m'Chitumbuka. Pomwe ankabwerako, ine ndinali nditatsegula kale boneti n'kumasula paipi. Valavu inali yakuda bii, yolimba ngati yowotcherera. Kuitsuka kukanatidyera tsiku lonse.

Dalaivala anatulutsa chitini pansi pa mpando. "Fundi, dulani ichi tizipita. Amakaniki anzanu a ku Tunduma, kutsidya kwa malire, amatero."

"Ndiye upite nayo ku Tunduma," ndinamuyankha.

Mphunzitsi uja anandiyandikira, maso ali psuu. "Achimwene, mkazi wanga ali m'bokosimo. Inu mukusankha zitsulo? Ikani chilichonse!" Anandigwira phewa n'kundigwedeza.

Ndinali ndi sipanala ya 12 m'manja, ndipo mawu amene anafika pakamwa panga sindingawalembe pano. Ndisanawatulutse, a Silungwe anandilanda sipanalayo mwakachetechete ngati akuifuna pa ntchito.

"Adada," anatero kwa mphunzitsiyo, mawu ali pansi, "chitini chitikweza theka la phiri. Chikapsa, injini ifera pomwe njinga yathu singafike. Tipatseni mpata, amama akagona kwawo lero."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Pali maliro pano. Sitikuwa, sitimenya hamala pa galimotoyi. Kapeze chitsulo."

Ndinatsikira m'munda wa khofi momwe mayi wina ankapalira. Nditamufotokozera, sanafunse zambiri. Anagulula khasu lake pa mpini, lakale, lodyeka mpaka kupyapyala, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Ndinaika gasiketi yakale, kachomatira kopyapyala ka pakati pa paipi ndi valavu, pa khasupo n'kulemba m'mbali mwake ndi msomali. Choboolera tinalibe, choncho m'malo mwa mabowo a mabawuti ndinayenera kudula timipata tiwiri kuti kachitsuloko kangolowetsedwa. A Silungwe anandituma kukadulira patsidya pa msewu, pa mwala, kuti phokoso la sowo lisasokoneze nyimbo za amayi aja. Chitsulo cha khasu n'cholimba, abale. Mpeni wa sowo woyamba unathyoka. Wachiwiri ndinaukoka pang'onopang'ono, mkwiyo wonse ndikuuthera pamenepo, zala zikutuluka magazi. Ndinasalaza m'mbali ndi tupa, chifukwa kampata kakang'ono kokha kamatulutsa utsi wotentha.

A Silungwe analowetsa kachitsuloko, gasiketi uku ndi uku, n'kumanga mabawuti mosinthanasinthana kuti kakhale mofanana. Dalaivala analiza injini. Inakhosomola utsi wakuda, kenako inakhazikika. Nyale yochenjeza ya pa dashibodi inayaka. "Isiye iyake," anatero a Silungwe. "Giya yoyamba, usathamange."

Tinaitsatira pambuyo mpaka kumtunda. Madontho oyamba anatipeza bokosi likutsitsidwa m'manda. Mwambo utatha, mphunzitsi uja anabwera pomwe ndinaima. Anagwira dzanja langa lamwaye ndi manja ake onse awiri, malaya ake oyera n'kuda pa mkono.

Sabata yotsatira galimotoyo inabwera ku galaja. Tinachotsa kachitsuloko, tinatsuka valavu ndi parafini ndi bulashi ya waya, zonse n'kubwerera m'malo mwake, chifukwa injini yotsekedwa imatulutsa mpweya woipa kwambiri kwa amene akuupuma.

Lero ndili ndi galaja yanga, ndipo mtima wanga sunasinthe kwenikweni. Dalaivala wobwera ndi chitini ndimamuthamangitsabe. Koma munthu akandikalipira galimoto yake itafa, ndisanayankhe ndimayamba ndasuzumira kumbuyo, ndione chomwe wanyamula.